Don Nemesio ndi Penti Yachikasu

Aliyense wokwera msewu wobwera kwathu ku San Cirilo amayamba wawerenga dzina la Onésimo Arreola asanaone ndi nyumba imodzi yomwe. Lili pathanthwe la pamphambano, lili pakhoma la chigayo, lili pathanki ya madzi, ngakhale pakachimbudzi ka kusukulu lilipo. Mlendo atha kuganiza kuti mapiri onsewa anawaumba ndi Onésimo yemweyo, atamaliza n'kuwasainira. Koma dzanja limene linalemba monsemo ndi limodzi, la Don Nemesio Chimil, ndipo nkhani ino ndi yake. Ya Onésimo siisowa woikamba.

Nemesio sanapite patali ndi sukulu, koma Mulungu anamupatsa dzanja losanjenjemera. Anayambira pa mitanda ya kumanda, kulemba mayina a akufa, kenako eni magolosale anayamba kumuitana. Zilembo zake zinkaima chilili ngakhale pakhoma lopindika. Kupatula apo anali ngati wina aliyense kuno: kamunda ka khofi kopendekeka koti ukapunthwa umakadzukira m'munda mwa mnzako, bulu mmodzi, ndi mkazi wake Doña Agripina, mayi wa mawu ochepa koma olasa.

Onésimo anabwera kuno ngati mphunzitsi wa pulayimale, wowonda, wa buluku limodzi lomwe ankalichapa Loweruka n'kudikira m'nyumba kuti liume. Mudzi unamuika kwa a Chimil chifukwa nyumba yawo inali pafupi ndi sukulu, ndipo kwa zaka zingapo ankadya tortilla, tizikondamoyo tathu topyapyala ta chimanga, ndi nyemba za Agripina mosachita manyazi, mbale ikatha n'kuyang'ana kumphika. Herlinda atabadwa, mwana yekhayo amene banjali linapatsidwa, Nemesio anavala malaya oyera, natenga botolo la mezcal, kachasu wa kuno, nakapempha mphunzitsiyo kuti akhale tate wa ubatizo wa mwanayo. Kuyambira tsiku limenelo awiriwo anayamba kuitanana compadre.

Kwathu kuno compadre si dzina loitanirana pamowa. Munthu amene wanyamula mwana wako kutchalitchi umamuvulira chipewa mpaka kufa, ndipo iyenso ali ndi udindo wake. Tsiku limene mwanayo akukwatiwa, akagwada pamphasa kutsogolo kwa tebulo la oyera mtima m'nyumba ya makolo ake, woyamba kumudalitsa ndi tate wa ubatizo. Kenako bambo ake, kenako mayi ake, achibale pambuyo. Akatero mkwatibwi amadzuka n'kutuluka, ndipo mwambowu suchitika kawiri. Nemesio anayamba kuliganizira tsiku limenelo Herlinda asanamere ndi mano omwe. Ankafuna kuti mudzi wonse udzaone mwana wake akudalitsidwa ndi munthu wophunzira.

Mphunzitsi uja, amene tonse tinkamutchula kuti Profe, anazindikira msanga kuti choko sichinenepetsa munthu. Analowa m'bungwe la aphunzitsi, naphunzira kulankhula pa chimkuzamawu, natsikira kumzinda wa Oaxaca kukatsogolera zionetsero. Atabweranso anali ndi kamimba ndi galimoto yobwereka, ndipo anatiuza kuti mapiri ano akhala akulira kwa zaka mazanamazana opanda wowapukuta misozi. Ife tinali tisanadziwe kuti tikulira, komabe tinaomba m'manja. Pasanapite nthawi kunabwera lole itanyamula zidebe za njereza ndi penti yobiriwira, ndipo Nemesio anakwera makwerero kukalemba dzina la compadre wake, amene tsopano ankapikisana nawo pa chisankho. Kulipidwa anakana, ati compadre sagulitsa dzanja lake kwa compadre. Onésimo anapambana, nakhala phungu wa mapiri athu ku nyumba ya malamulo ya Oaxaca.

Kuyambira pamenepo nkhani za ndale zinkafika kuno m'zidebe. Lole ikaima pabwalo la tchalitchi, anthu ankangosuzumira kuti aone mtundu wa penti, basi adziwa chipani chimene Profe wagonamo. Yobiriwira itatha inabwera ya buluu. A buluu atamumana mpando, kunabwera yachikasu. Nthawi imene lamulo linkaletsa phungu kuimanso motsatizana, pampandopo ankakhazikapo mng'ono wake, ulendo wina msuweni wake, kuti pasazizire. Zikatero ntchito ya Nemesio inkaphweka, poti ankangofufuta dzina loyamba n'kusiya Arreola ali pomwepo.

Zimene Profe ankachita kunyumba ya malamuloko tinkazimva pa wailesi, ndipo sizinali zoti munthu angatope kumvetsera. Ulendo wina anaimirira n'kupempha kuti pakhale tsiku lolemekeza khofi wa kumapiri. Tsikulo linavomerezedwadi, chaka chomwe khofi wathu anagwidwa matenda masamba n'kuyoyoka onse. Ulendo wina anaimirira kupempha kuti aphungu akhale chete kwa kanthawi pokumbukira anthu amene anafa basi itagwera kuphompho, pamsewu womwewo umene iye ankayenera kukonzetsa. Kukhala chete ankakutha bwino. Akamabwera kuno, zomwe zinkachitika chisankho chikayandikira, ankaimitsa galimoto pamphambano n'kuvula nsapato zonyezimira, kuvala masandasi achikopa ngati athu ndi chipewa cha mlaza. Mapazi ake m'masandasimo ankaoneka ofewa ngati a khanda, ndipo amayi ankatsinana akawaona.

Msewu wa tala ndiye anatilonjeza pa mtundu uliwonse wa penti. Chaka ndi chaka mvula ikagwa phiri limagumukira mumsewu, ndipo mudzi wonse umatuluka ndi mafosholo ndi mapiki kukachotsa dothi, ntchito ya mudzi yopanda malipiro. Tikamaliza, kunkabwera uthenga woti paikidwe chikwangwani. Nemesio, matuza a fosholo ali m'manja, ankalemba bwinobwino kuti msewu uwu watsegulidwa ndi khama la Olemekezeka Onésimo Arreola. Akatero ankabwerera m'mbuyo pang'ono, kupendeketsa mutu, n'kumasirira zilembo zake.

Lingakhale bodza kunena kuti anthu ankamumvera chisoni. Ankatitopetsa. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo Nemesio sankatha kugula ndi mchere womwe osatchula compadre wake. Pamsonkhano wa mudzi akaimirira ankayamba ndi zimene anakambirana ndi aphungu, pomwe aliyense ankadziwa kuti kukambiranako kunali kugwirana chanza pawindo la galimoto.

"Don Nemesio, tala uja wafika pati?" amuna a pagolosale ankamufunsa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yanuyo ili ndi maso koma? Bwanji mungotipentera msewuwo wakuda, tiziti ndi tala?"

Iye ankachoka atakwiya, chipewa atachikanikiza pamutu. Kunyumba Agripina ankamuuza pamaso kuti munthuyo akumudyera masuku pamutu, koma Nemesio ankangoti za ndale n'zakuya, n'kupita kukatsuka mabulashi ake.

Kenako kunabwera zinsalu za pulasitiki zosindikizidwa kumzinda, zokhala ndi nkhope ya phungu ikumwetulira ndi mano oyera kuposa ake enieni. Lole ya zidebe inasiya kubwera. Palibe amene anamuuza Nemesio kuti ntchito yake yatha. Anangoona chaka chikudutsa, china n'kudutsanso, chikasu cha pamakoma chikusuluka. Wina akamufunsa ankati compadre watanganidwa.

Herlinda anakula nakhala mtsikana wofatsa, wophika buledi amene ankatha dzuwa lisanakwere. Bambo ake ankawakonda ndi matama awo omwe, ndipo ali wamng'ono ndiye ankawagwirira makwerero. Anapeza mwamuna, Aurelio, kalipentala wa kutsidya kwa khwawa, mudzi umene timauona bwinobwino tili pakhonde koma kuti ukafikeko umatsika mpaka kumtsinje n'kukweranso, mawondo akulira. Akuluakulu atagwirizana za ukwati, Nemesio anakwera basi ya kumzinda atanyamula khofi wokazinga ndi mezcal. Anaswera pabenchi kunja kwa ofesi. Profe atatuluka anamukumbatira, namusisita pamsana, nati akapanda kuoneka pa ukwati wa mwana ameneyo ndiye kuti wamwalira. Chisankho chinali pafupi, ndipo ukwati wa kumapiri umasonkhanitsa midzi iwiri pabwalo limodzi, koma Nemesio zimenezo sanaziganize. Anabwerera kuno mapewa ali m'mwamba, nauza aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Apa ndi pamene anaganiza zomuchitira compadre wake ulemu. Anasinthanitsa khofi wake ndi penti yachikasu, ndipo masabata otsalawo, Agripina ndi amayi anzake akukazinga tsabola ndi kupera zopangira mole, msuzi wathu wa pa maphwando, iye anali pamakwerero. Anayambira pathanthwe la pamphambano, nakwera nawo msewu wonse mpaka pachigayo, nkhalamba ya imvi kumalendewera paphompho chingwe chili m'chiuno. Sanafunse munthu. Kwa iye, lole ikapanda kubwera ndi penti ina ndiye kuti chipani chidakali chomwecho. Achinyamata a mafoni ankaseka akamudutsa, iye n'kumayesa akusirira.

Tsiku la ukwati Misa inachitika m'mawa, ndipo anthu anabwerera kwa a Chimil akuvina kumbuyo kwa bandi ya malipenga. Mphasa yatsopano inayalidwa, makandulo anayatsidwa, nkhukundembo yaikulu yoti ipatsidwe kwa tate wa ubatizo anaiveka maluwa m'khosi. Dzuwa litafika pamutu, bambo amene anamuika pachitunda kuti aziyang'ana msewu anaphulitsa makombola, bandi n'kuyamba nyimbo yolandirira alendo. Pansi, m'makhotakhota a msewu, tinaona galimoto zoyera zikukwera mondondozana. Zinakwera, zinakwera, kenako zinaima pansi pa thanthwe lina lalikulu lachikasu, osasunthanso.

Nemesio anaganiza kuti tayala laphulika. Anatsika njira yachidule atavala zaukwati, chipewa chili m'manja. Anapeza Profe ali m'galimoto, masandasi atavala kale, malaya ake ali ofiira. Pambali pake panali mayi wina wa magalasi akuda, wa malaya ofiiranso, ndipo kumbuyo kunali munthu wojambula zithunzi. Galasi la windo linatsika theka.

"Takulandirani, compadre. Ndi tayala kodi?"

"Tayala la chiyani? Compadre, mwandichita zotani? Chikasu chonsechi wakutumani ndani?"

"Si mtundu wanu kodi?"

"Anthu amenewo ndinasiyana nawo kalekale, mbava zokhazokha zija. Ndiye ndi akuluakulu a chipani changa ndili nawowa, mukufuna andijambule dzina langa lili pachikasu phiri lonse?"

Nemesio mutu unaima. Anayang'ana thanthwe, nayang'ana malaya ofiirawo, ndipo chimene anatha kunena n'choti lole sinabwere. Mayi wa magalasi uja anafunsa kuti bamboyu ndi ndani. Profe anayankha kuti ndi wopenta wakale wa kuno, munthu wabwino ndithu koma wakalamba.

"Mphasa yayalidwa, compadre," anatero Nemesio. "Akudikira inu."

"Mukamuuze mwana wathu asadandaule. Ife titsikire kuchigwa kaye, kuli kamsonkhano. Inu fufutani zimenezi, ikani zofiira, ndikatembenuka ndibwera. Ine ndinayamba ndakunamizanipo?"

Dzina la Herlinda sanalitchule. Mwana wathu: mawu okwanira aliyense wa makanda osawerengeka amene anawanyamula m'matchalitchi nthawi za kampeni. Galasi linakwera, ndipo galimoto zinabwerera cham'mbuyo mpaka zitapeza potembenukira.

Munthu wina akanalavula pansi n'kubwerera kwa mwana wake. Nemesio anakwera phiri akudziimba mlandu, manyazi atamugwira kuti wachititsa manyazi compadre wake pamaso pa alendo. Pano ndiye pamandikwiyitsa nthawi zonse ndikamaikamba nkhaniyi. Anazembera kuseri kwa nyumba kuti anthu asamuone, nalowa m'kashedi kake, napeza penti yofiira yotsala popenta malata a tchalitchi. Akutuluka anakumana ndi Agripina atanyamula dengu la tortilla.

"Mukupita kuti ndi chidebe, madala?"

"Sindichedwa. Ndinalakwitsa mtundu. Ndikangokonza abwera."

"Nemesio, ikani chidebecho pansi. Anthu a kutsidya akufuna kuwoloka nkhungu isanatseke njira."

"Auzeni adikire. Mwana wanga satuluka m'nyumba muno ngati wamasiye, wopanda tate wa ubatizo."

Agripina anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nalowa m'nyumba ndi dengu lake.

Anayambira pathanthwe lija. Penti ya malata siigwirizana ndi chikasu chatsopano. Inkatuluka mtundu wa papaya lakupsa, moti chilembo chilichonse ankachibwereza. Malaya aukwati anathimbirira, thukuta linkalowa m'maso, khutu lili kumsewu kumvetsera injini. Galimoto imene inadutsa ndi ya zakumwa zoziziritsa kukhosi yokha, ndipo dalaivala wake anamuimbira hutala. Profe, tinamva pambuyo pake, anali kuchigwa akunyambita zala pa phwando lina, atavalanso nsapato zake zonyezimira. Kumtunda bandi inkaimba, ndipo Nemesio ankadziuza kuti bola alendo akusangalala, adikira. Atamaliza thanthwelo anapita pa lina, kenako pa lina. Nkhungu inayamba kukwera kuchokera kumtsinje monga imachitira masana aliwonse nyengo imeneyo.

Penti itatsala pang'ono pansi pa chidebe ndi pamene anazindikira kuti nyimbo yasintha, ndiponso kuti siikumvekera kunyumba kwake. Inkamvekera cha kukhwawa, ikutsika. Inali nyimbo imene timavina nayo titanyamula kabati ndi mphero ya mkwatibwi pomuperekeza kwa mwamuna wake. Mantha anamugwira. Anasiya chidebe ndi bulashi pomwepo, nathamanga chokwera phiri, akugwa n'kudzuka.

Pabwalo anapeza mipando yopanda anthu ndi agalu akulimbirana mafupa. Agripina anali m'nyumba yekha, akukulunga mphasa.

"Bwanji simunandidikire?"

"Amene sanadikire ndani?"

Agripina sanakweze mawu, ndipo sanasiye kukulunga. Anamufotokozera kuti anthu a kutsidya ataumirira, Herlinda ndi Aurelio anagwada. Mkulu wotsogolera mwambo ataitana tate wa ubatizo, Herlinda sanacheuke n'komwe. Anangoti apitirize, munthuyo iye samudziwa. Mkuluyo anaitana bambo a mkwatibwi. Nawonso panalibe. Pamenepo ndiye mtsikanayo anakana kuti mwambo upitirire. Bandi inabwereza nyimbo, n'kuibwerezanso. Anthu a kutsidya ankatuluka kukayang'ana kukhwawa n'kubwerera akung'ung'udza. Apongozi ake a Herlinda anamunong'oneza, iye anapukusa mutu. Aurelio mawondo anamuwawa mpaka anayamba kusinthasintha, koma Herlinda anali chigwadire, maso ali pakhomo, ati ababa akubwera, angofika pamsewu pompa.

"Ndinamudzutsa ndine," anatero Agripina. "Ndinamuuza zoona, kuti muli pathanthwe mukupenta dzina la Profe. Sanalire. Anangoti, 'Ndiye ndidalitseni inu, amayi, tizipita.'"

Nemesio anatuluka nakaima kumapeto kwa bwalo, pamene nthaka imathera n'kuyamba phompho. Nkhungu inali itadzaza khwawa lonse. Malipenga ankamveka pansi, patali, koma munthu sankaoneka ndi mmodzi yemwe. Anaitana dzina la mwana wake, naitananso, mawu ake n'kumathera m'phokoso la bandi. Kenako anakweza dzanja lamanja, lofiira mpaka m'chigongono, kuti amulembere mtanda womudalitsa ali pomwepo, koma sanadziwe mbali yoti aloze.